Abale ake a Khovani

Pamphepete pa msewu wa ku Chileka, kufupi ndi mlatho wa Likhubula,
ndimagulitsa maluwa m'timachubu takuda,
koma lero ndasanduka mlembi.
Mayi Chiwalo a ku Namiwawa akufuna mayina.
Akuti duwa lopanda dzina salowa nalo pageti,
alendo awo amafunsa.

Ndadula chigubu cha mafuta ophikira kukhala tizikwangwani,
ndabwereka cholembera kwa Witinesi womata matayala,
ndipo mwana wanga Esinala, wa fomu folo,
wandilembera pachikuto cha kope lake:
Tiradesikantiya.
Lilime langa lapunthwa kanayi lisanafike kumapeto.
Umenewo ndiye mfunda wawo, akutero,
dzina la mwini limabwera pambuyo.

Chabwino. Tiyeni pamzere.

Uyu wamizeremizere, wonyezimira ngati lata latsopano,
wotsika m'mbale kufunafuna pansi,
akuti zebrina. Ndavomera, mbidzi ndinaiona pachithunzi.
Uyu wa khungu la biringanya, masamba ngati makutu a mbuzi,
akuti palida, kutanthauza wotumbuluka,
chonsecho pabenchi ponse palibe woderapo kuposa iye.
Kaya amene anamutcha anamupeza akudwala malungo.
Uyu wobisa timaluwa toyera m'kabwato
buku lakale linampatsa mfunda wina,
latsopano lamubweza kwawo,
ngati mphwanga Layisoni
amene anakhala Makwinja zaka makumi atatu
mpaka tsiku la ziphaso, pamene amalume anatsokomola n'kunena zoona.

Ndiye pali mayina achitatu,
aja amatsekeredwa m'timakutu tiwiri papepala,
a mbewu zimene anthu anasankha ndi manja awo.
Inenso ndili nayo yanga.
Chaka chimene mvula inakokolola benchi langa loyamba
nthambi imodzi inaphuka yoyera mbali imodzi,
ngati yatsamira khoma la laimu.
Ndinaidula, ndinaibzala, inagwira, ndinaidulanso.
Pano ndi machubu khumi ndi anayi.
Ndalemba: Abiti Sumani,
amayi ake a mwanayu,
amene tsitsi lawo linayera mbali imodzi asanatisiye.

Esinala akuti sizitero, adadi,
dzina limalembetsedwa kunja, pali mabuku ake, pali akuluakulu.
Ndamufunsa: iwe ndinakulembetsa kwa yani
usanayambe kutembenuka ndikakuitana?
Wangoyang'ana minibasi yodutsa.

Koma bukulo lili ndi kanthu kena kamene wandiwerengera monong'ona.
Mu ngalande umu, pansi pa mapazi anga,
pakati pa mapepala a zigege ndi zitsekerero za mabotolo,
muli khovani.
Yemwe uja timalimbana naye m'munda,
ukamuzula, n'kumuponya pamwala, mawa wagwada kale, wagwira dothi.
Akuti ndi msuweni wawo. Banja limodzi, khomo lina.

Ndatsika, ndathyola kanthambi, ndayerekeza.
Mawondo omwewo.
Tsamba lokumbatira tsinde momwemo.
Utomoni womwewo wonanda pazala.
Duwa lake m'mawa limatsegula makutu awiri obiriwira ngati thambo la mu Meyi,
lachitatu laling'ono, lamanyazi,
ndipo dzuwa likafika paliwombo lasungunuka,
monga amachitira awa a pabenchi
amene ndimawathirira ndi madzi ogula.

Ku Namiwawa kuli mnyamata wolipidwa pamwezi
kuti azizula uyu ndi kuthirira awa.
Sindimuseka. Ndinagwirapo ntchito imeneyo ku Sunnyside zaka zisanu ndi chimodzi.

Galimoto yafika cha m'ma foloko.
Mayi Chiwalo awerenga tizikwangwani, milomo ikuyenda,
afika pa Abiti Sumani, aima.
Ameneyu ngwochokera kuti?
Ndati: kwa Che Mussa, kumtunda kuno.
Aseka, atenga awiri, sananenerere mtengo.

Ndikukweza machubu kumbuyo kwa galimoto
ndaona m'chubu chimodzi, pansi pa zebrina,
timasamba tiwiri tobiriwira, tosalembedwa.
Dzanja langa lapita lokha, mwachizolowezi.
Kenako Witinesi wafuula kuti akufuna cholembera chake,
ndipo ine ndatseka chitseko.